Usadzasowe Monga Anasowera Alufeyo

Wokondedwa mwana wanga Esinati,

Ndikulemba masana ano, iwe ndi amayi ako mutapita ku Chinakanaka kukagula chikwama cha ulendo. Ndikanakuuza pakamwa, koma ukundidziwa. Ndikangoyamba nkhani ya makina iwe umayamba kuseka, amayi ako amakumbukira kuti nkhuku sizinadye, ine n'kutsala ndekha pakhonde. Ndiye ndati ndilembe, ukawerenge uli m'ndege kapena utafika ku Ulayako. Usadabwe ndi kukula kwa zilembozi, ndifotokoza kutsogoloku.

Zoti uzipemphera, uzilemekeza okalamba amene ukukawasamalira, uzivala zofunda, amayi ako anena kale ndipo abusa anabwereza Lamulungu lapitali. Ine changa n'chimodzi chokha. Ndikuopa kuti udzasowa. Sindikunena imfa ayi. Ndikunena kusowa uli moyo, ukudya, ukuyenda, ife kuno tili ndi foni m'manja koma osadziwa poti tikupezere. Zinandichitikirapo, n'chifukwa chake ndikukulembera.

Unali ku pulayimale pamene bambo ako aang'ono, Alufeyo, mng'ono wanga wa bere limodzi, anasiya kabaza pa Muloza n'kupita ku Joni. Mwina ukuwakumbukira, ankakubweretsera mapawu, buledi uja wa ku Milange, atawamanga pachiwongolero cha njinga. Masiku amenewo kunali kapulogalamu kena kochezera kamene kankagwira ngakhale pa timafoni ta mabatani. Aliyense anali nako: akabaza, osintha ndalama pa boda, ngakhale ife amagetsi a pa esiteti ya tiyi. Sikankafuna nambala ya munthu, umangodzipatsa dzina n'kuyamba kucheza. Alufeyo anadzitcha Mfumu ya Kabaza. Tinkalemberana pafupifupi tsiku lililonse. Ankandiuza za kuzizira, za bwana wake wovuta, za momwe analakalakira kalongonda mpaka kumulota. Nambala zake zinkasinthasintha, pakuti kumeneko foni amakulanda dzuwa likuswa mtengo. Poyamba ndinkasunga nambala iliyonse yatsopano. Kenaka ndinasiya kufunsa. Ndinkati ya chiyani, poti Mfumu ya Kabaza ndimampeza nthawi iliyonse ndikatsegula foni.

Tsiku lina ndikupuma masana kufakitale, ndinatsegula kapulogalamuko n'kupeza uthenga wa eni ake, wothokoza anthu onse ndi kunena kuti atseka posachedwa. Ndinaseka. Ndinauza anzanga kuti chinthu chimene dziko lonse likugwiritsa ntchito sichingatsekedwe, kuli ngati kunena kuti msika wa Muloza utha. Komabe ndinamulembera Alufeyo kuti anditumizire nambala ndi dzina la malo amene akukhala. Uthengawo sanautsegule. Uthenga wake womaliza unali woti akusamukira ku mafamu, ndiye ndinaganiza kuti kulibe netiweki, atulukira. Ndinalembanso, ndinalembanso. Mmawa wina kapulogalamuko kanangozungulira osatseguka. Nditaimba nambala yomaliza imene ndinali nayo, anayankha mayi wina wa chinenero chimene sindinachimve.

Agogo ako, amayi athu, anakhalabe ndi moyo zaka zingapo pambuyo pake. Nthawi iliyonse ndikafika kwawo, ndisanakhale n'komwe, ankafunsa kuti, "Wamng'onoyo wati chiyani?" Ine ndinkati netiweki ikuvuta. Anaphunzira mawu amenewo osadziwa tanthauzo lake, moti ankauza anzawo a ku tchalitchi kuti mwana wawo wagwidwa ndi netiweki. Che Amidu, a golosale pa Milonde paja, nthawi imeneyo ankapita ku Joni kukapikula katundu. Ndinawapatsa chithunzi ndi dzina la dera limene Alufeyo ankakhala poyamba. Anataya tsiku lawo lathunthu akufunsa. Atabwera anandiitanira kuseri kwa golosale, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Achimwene, chipinda ndachipeza koma mwalowa anthu ena. Akuti Mmalawi uja anapita ku mafamu, koma sakudziwa ati." Agogo ako tinawaika m'manda Alufeyo asakudziwa. Mpaka lero sindikudziwa ngati anamva.

Ndiye mwana wanga, ukasintha nambala, utiuze tsiku lomwelo, usanauze wina aliyense. Ukasamuka nyumba, utitumizire dzina la msewu ndi nambala ya khomo, ngakhale ukuona ngati ife a ku Milonde sitingazigwiritse ntchito. Utipatsenso nambala ya munthu mmodzi wa kumeneko, mnzako wa kuntchito kapena wa ku tchalitchi, woti tingamuimbire iwe ukakhala chete. Usanene kuti poti timacheza tsiku lililonse pa apu. Inenso ndinkanena choncho.

Nkhani yachiwiri ukuidziwa mbali imodzi. Ukudziwa kuti m'nyumba muno mulibe chithunzi cha mlongo wako Yohane, koma sunafunsepo chifukwa. Zithunzi zinalipo zambiri. Ndinali nditagula foni yojambula, ndipo mwana uja ndinamujambula mpaka anthu ankandiseka. Panalinso kavidiyo kakafupi, atavala magambutsi anga a kuntchito ofika m'chiuno, akuthamangitsa bakha, iwe ukumveka kuseka kumbuyo. Zonsezi ndinaziika pa tsamba lina la pa intaneti losungira zithunzi, limene linkati ndi laulere ndiponso n'losatha. Malungo atamutenga, foni ija inagwa m'thanki ya madzi kufakitale. Ndinauza amayi ako kuti asadandaule, mwana ali pamalo abwino, sangafufutike. Kwa nthawi yaitali sitinkafuna kuziona zithunzizo, mtima unali usanalimbe. Tsiku limene amayi ako anati tsopano akufuna kumuona, ndinalowa n'kupeza kuti tsambalo linagulidwa ndi kampani ina. Anali atatumiza chidziwitso ku imelo imene ndinasiya kutsegula, chonena kuti amene satenga zinthu zake pofika tsiku lakutilakuti, azifufuta. Tsikulo linali litadutsa kalekale.

Ndinawalembera anthu aja kambirimbiri m'Chingerezi changa cha kuesiteti. Ankayankha ndi makina, mawu omwewomwewo, othokoza chifukwa cholemba. Amayi ako sanakalipe. Anali akusenda chinangwa cha makaka, anaika mpeni pansi n'kufunsa kuti, "Ndiye khutu limene linali ndi kachipsera linali liti, lamanja kapena lamanzere?" Mpaka lero timasiyana maganizo, iwo amati lamanja, ine ndimati lamanzere, ndipo palibe woti atiweruze.

Chilichonse chimene ukuchikonda, Esinati, chisamakhale pamalo amodzi, makamaka pamalo a eni. Ukukumbukira nyumba ya pa esiteti imene unakuliramo. Tinadzala mapeyala, tinamanga kakhitchini, tinkaitcha kwathu. Ntchito itatha tinapatsidwa tsiku lotulukira, mapeyala aja akudya ena. Mapulogalamu onsewa ali chimodzimodzi. Khalamo, cheza, sangalala, inenso ndimawagwiritsa ntchito, koma usaiwale kuti mwini wake alipo ndipo sakukudziwa.

Apa ndi pamene panayambira chimene inu mumachitcha misala ya bambo. Ku ofesi ya esiteti ankataya kompyuta yakale, ndinaipempha. Ndinakhala miyezi ndikuwerenga pa foni momwe munthu angasandutsire kompyuta wamba kukhala seva, ndiko kuti makina osunga tsamba lako m'nyumba mwako momwe, anthu akutali n'kumalitsegula. Ndinalakwitsa kosawerengeka. Ndinawotcha batire, ndinafufuta ntchito ya mwezi wathunthu ndi batani limodzi, amayi ako anandiletsa kutchula mawu oti seva pa nthawi ya chakudya. Koma tsiku limene ndinapita pa Milonde, n'kubwereka foni ya Che Amidu, n'kulemba dzina la tsamba lathu, chithunzi cha iwe utavala yunifolomu ya sekondale n'kutulukira kuchokera m'chipinda changa chomwe, ndinaitana aliyense amene anali m'golosalemo kuti adzaone. Palibe amene anandipatsa malowo, ndipo palibe amene akanandilembera kuti tikutseka.

Ndinayamba kunyada, ndipo chachitatu chinandipeza pomwepo. Ndinkauza aliyense kuti zanga tsopano n'zotetezeka chifukwa zili m'nyumba. Iwe unali ku koleji ya unamwino chaka chimene namondwe uja anagwetsa mapiri. Madzi analowa kuno ndi matope, khoma la chipinda cha makina linakhala pansi. Ife tinapulumuka, ndipo sindingadandaule za kompyuta pamene anzathu a ku Muloza ankafukula abale awo. Koma madzi ataphwa ndinakumba ndi manja mpaka ndinaipeza, itadzaza matope ofiira. Ndinachotsa disiki imene imasunga zinthu zonse, n'kuipukuta, n'kupita nayo kwa mmisiri wina ku Limbe. Zambiri anapulumutsa. Zina zinapita, kuphatikizapo nyimbo za tchopa zimene ndinajambula kwa akuluakulu a kwa agogo ako, ena mwa iwo anamwalira kale. Ndinali nditathawa nyumba ya eni n'kuunjika zonse m'nyumba ya njerwa zosawotcha. Pamenepo ndinaphunzira kuti nyumba yanganso ndi malo amodzi.

Tsopano zinthu zathu zili patatu. Zina zili m'seva yatsopano, kabokosi kaja kali pamwamba pa kabati, kamene kamayendera sola. Zina zili pa disiki imene Che Amidu amandisungira m'golosale mwawo, ndipo ndimakaitenga mwezi ukatha kuti ndiwonjezeremo zatsopano. Zachitatu zili m'kathumba kofiirira kamene amayi ako asokerera m'kati mwa jekete lako. Muli kadisiki kakang'ono. Muli zithunzi za ukwati wathu, mawu a agogo ako akuimba nyimbo ya ku tchalitchi m'Chilomwe, makalata ako a sukulu ndi china chilichonse chimene chatsala cha banja lino. Usakabwereke munthu. Usakaikemo mafilimu. Usakasiye m'chikwama chimene chimapita pansi pa ndege. Ukafika ukagule kena, ukakopere, n'kukasunga kwina. Ndikadziwa kuti zathu zili kutsidya la nyanja, mvula ikamagunda pamalata mtima uzikhalako m'malo.

Sikuti zonse za makinawa ndi mantha okhaokha. Nditayamba tsamba langa ndinazindikira kuti ndili ndi anzanga padziko, anthu okhala ndi timasamba tawotawo, topanda malonda, topanda wowauza choti alembe. Pali mayi wina wokalamba amene amangolemba za njuchi zake. Pali bambo wina amene amajambula milatho yakale basi. Timalozerana, wina akafika kwa ine ndimamuonetsa njira ya kwa mnzanga, monga timachitira mlendo akasochera pamudzi. Pa tsamba langa ndinaikapo mawu a Chilomwe amene ndimawakumbukira kwa agogo ako, ndipo mphunzitsi wina wa kuseri kwa Milange anandilembera, theka Chipwitikizi theka Chichewa, kundikonza mawu awiri ndi kundipatsa ena. Sitinaonanepo. Koma masamba oterewa nawonso amazima. Wa milatho uja anangosiya kulemba, patapita nthawi tsamba lake linasowa, ndipo ndikuganiza kuti mwini wake anamwalira popanda womulowa m'malo. Ndikadina dzina lake pamangobwera poyera.

Pali tsamba limodzi limene sindinakuonetsepo. Ndinalemba dzina lonse la bambo ako aang'ono pamwamba, ndi dzina lija la Mfumu ya Kabaza, ndi mudzi wathu, ndi chithunzi cha mtengo wa mango wa pakhomo pa agogo ako. Pansi pake ndinalemba kuti tilipo, sitinakwiye, nambala yanga ndi iyi. Ndinaganiza kuti munthu aliyense tsiku lina amalemba dzina lake pa intaneti kuti aone chimene chituluke. Kabokosi kathu kamandionetsa alendo amene abwera, osati mayina awo, koma dziko limene ali ndi chimene atsegula. Chaka chathachi, nthawi yokolola chimanga, munthu wina wa ku South Africa anatsegula tsamba limenelo. Anatsegula chithunzi cha mtengo wa mango. Mawa lake anabweranso. Anabwera masiku angapo, tsamba lomwelo, chithunzi chomwecho, kenaka anasiya. Sanalembe kanthu, sanaimbe.

Ndikudziwa kuti pa intaneti pamayenda makina ongotsegula masamba popanda munthu kumbuyo, ndimawaona tsiku lililonse. Koma makina amatsegula chilichonse, sabwerera ku mtengo umodzi. Nditawauza amayi ako anati mwina ndi manyazi, munthu akakhala zaka zambiri osatumiza kanthu amaopa kuyamba. Mawu amenewo andisautsa kuposa china chilichonse. Ngati ndi iyeyo, ndiye kuti khomo walipeza koma akulephera kugogoda.

Tamvera bwino apa, mwana wanga. Zinthu zikakakuvuta kumeneko, ntchito ikatha, ukadwala, ukalakwitsa chinthu chochititsa manyazi, usakhale chete. Sitikukutuma kuti ukatibweretsere kanthu. Ukadzabwera ndi chikwama chopanda kanthu tidzakulandira, chipinda chako chilipo. Chimene sindingathe kupirira ndi kuona dziko la Ireland likutsegula tsamba lathu mwakachetechete ine osamva mawu ako. Ukasintha nambala utiuze. Ukasowa chonena, ungolemba kuti ulipo.

Tsopano za zilembo zikuluzikuluzi. Ulendo uja ndinapita kuchipatala mwezi watha, adokotala anandiuza kuti shuga wafika m'maso. Lamanzere likuona ngati pagalasi pali nthunzi, lamanja likutsatira pang'onopang'ono. Amayi ako akudziwa. Tinagwirizana kuti tisakuuze mapepala ako a ulendo asanatuluke, pakuti tikukudziwa, ukanatsala. Usakwiye, ndipo usaganize zobwerera. Mankhwala ndikumwa, tiyi ndikumwa wopanda shuga ngakhale ndi chilango kwa munthu wa ku Mulanje. Koma ndiyenera kunena zoona: idzafika nthawi imene sindidzatha kuwerenga tizilembo timene kabokosi kaja kamalemba kakadwala. Ndipo makina otere safuna zambiri kuti afe. Batire kutha, khoswe kudya waya, kapena kuiwala kulipiranso dzina la tsamba chaka chikatha. Dzina limenelo likangotayika ena amalitenga, ndipo aliyense wobwera kudzatifuna adzapeza malonda a anthu osawadziwa. Alufeyo akadzalimba mtima n'kubwerera, adzapeza zimenezo.

N'chifukwa chake masabata apitawa ndinkakukakamiza kukhala pambali panga Loweruka lililonse, iwe ukuyasamula. Sindinkafuna kukusandutsa wamagetsi. Ndinkakupatsa makiyi. Mawu achinsinsi ukuwadziwa, ndi aja ndinakulowezetsa pamtima, usawalembe mu foni ndipo usawauze mwamuna aliyense ngakhale atakulonjeza ukwati. Dzina la tsamba ndalisamutsira ku imelo yako, chidziwitso chizibwera kwa iwe. Imelo imeneyo uziitsegula, Esinati. Ngakhale utatopa bwanji, ngakhale mutadzaza zopanda pake, uziitsegula. Amayi ako ndawaphunzitsa kuzimitsa ndi kuyatsa kabokosiko ndi kupukuta sola. Amachita monyinyirika koma amachita bwino. Zikavuta kwambiri, kadisiki kali m'jekete lako kali ndi zonse zofunika kuti tsambalo uliimike kwina, ngakhale pa makina obwereka a kumeneko. Sindidzakwiya kuti lachoka m'nyumba muno. Chachikulu lisazime.

Ndakukonzera malo akoako pa tsambalo, ali ndi dzina lako, ndipo otsegula ndi ife atatu basi. Uzilembapo, uziikapo zithunzi, makamaka uziikapo mawu, pakuti makutu anga akadali abwino. Uzindiuza zinthu wamba, chimene wadya, momwe basi ya kumeneko imanunkhira, dzina la gogo amene wakuvutitsa kuntchito. Pa apu tizichezabe monga mwa masiku onse, koma zimene ukufuna kuti ana ako adzazimve uziika kwathu. Ndipo tsiku lina ukadzatsegula tsamba lathu n'kupeza silikuyankha, usayambe kulira. Nthawi zambiri imakhala mitambo yaphimba phiri, sola osalandira dzuwa. Uyambe waimbira ine, ndikapanda kuyankha amayi ako, kenaka Che Amidu. Nambala zitatuzi uzisunge pamtima monga tinkachitira kale, foni ikhoza kubedwa pa siteshoni iliyonse.

Ndikudziwa kuti unganene kuti bambo akuchulutsa, dziko linasintha, masiku ano munthu sasowa. Mwina ukunena zoona. Mapulogalamu a lerowa ndi aakulu kuposa kaja kanatseka, eni ake ndi olemera kuposa maboma. Koma ine ndaona zinthu zitatu zimene ndinkati sizingathe zikutha, ndipo palibe chimene chinayamba chandifunsa. Sindikufuna kuti ukhale wamantha ngati ine. Ndikufuna mantha anga akugwirire ntchito, iwe uziyenda momasuka.

Ndikumva njinga zaima kumsewu, muyenera kuti mwafika, ndiye ndilekeza. Ukamawerenga izi ndiye kuti za pa siteji zachitika kale. Ku bwalo la ndege akuperekeza amayi ako ndi amalume ako, ine ndithera pa minibasi. Ngati m'malo mokudalitsa bwinobwino ndinayamba kukufunsa za tchaja ndi mapulagi a kumeneko mpaka kondakitala kutseka chitseko, undikhululukire. Mawu enawo analipo, koma akanatuluka sindikanatha kuima pamaso pa anthu.

Ukatera, usadikire kupeza nyumba kapena kugula nambala yatsopano. Upemphe foni kwa aliyense amene ali pafupi, ngakhale wapolisi, ulembe kuti, "Ndafika, bambo." Ndikhala pakhonde foni ili m'manja, ndipo zilembo zikandikanika amayi ako andiwerengera.

Mulungu akutsogolere kumene maso anga sangafike.

Ndine bambo wako,
kuno kwanu ku Milonde.